Bwato, boti ndi faiba: mbiri ya amisiri a kunyanja m'dera la Chitala

Anthu ambiri amaidziwa Chitala chifukwa cha malo a boma ofufuzirapo za ulimi omwe ali kumpoto kwa boma la Salima, m'chigwa chotentha momwe thonje, mtedza ndi mango zimachita bwino. Komatu nyanja siili kutali. Ukatsikira kum'mawa ufika ku Domira Bay ndi ku Chikombe, ndipo kukakhala kopanda nkhungu chilumba cha Mbenji chimaoneka bwinobwino. Usipa ndi utaka wogulitsidwa m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M5 umatuluka m'madooko amenewa, ndipo palibe chotengera asodzi panyanja chomwe sichinadutsepo m'manja mwa mmisiri womata ming'alu. Zomatira zasintha kambirimbiri, kuyambira phula la njuchi mpaka resin wogula ndi ndalama zakunja, ndipo kusintha kulikonse kunasuntha moyo wa anthu a kugombe kuno.

Akuluakulu amanena kuti eni dziko oyamba anali Akafula, anthu aafupi odziwa kusaka ndi kugwira nsomba m'madambo. Pambuyo pawo panafika Amaravi kuchokera ku Uluwa, m'dziko lomwe lero ndi Congo, ndipo Kalonga anakhazikitsa likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kummwera kwa Salima. Anthu amenewa anali akatswiri osungunula chitsulo m'ng'anjo. Chitsulocho n'chimene chinawapatsa nkhwangwa ndi nsompho, ndipo popanda zida ziwirizi mtengo waukulu sukanasanduka bwato lolimba mtima kukumana ndi mwera.

Kusema bwato sinali ntchito ya munthu mmodzi. Mmisiri ankayamba wayendayenda m'mphepete mwa mitsinje monga Lingadzi ndi Linthipe, kapena kukwera kumapiri a kumadzulo, kufunafuna mbawa, chonya kapena mtondo wowongoka, wopanda mphako. Akaupeza ankakapempha kwa mfumu ya deralo, ndipo ena ankathira nsembe patsinde asanagwetse, poti mtengo wotere unali wamkulu kuposa agogo awo. Ukagwa, ankaudula mbali zonse ziwiri, kuusalaza pamwamba, kenako n'kuyamba kukumba mkati ndi nsompho, tsiku ndi tsiku, akugona kutchire komweko. Luso lenileni linali pa makulidwe a khoma. Mmisiri ankagogoda ndi chibakera kapena ndi mpini n'kumvetsera: liwu likamveka logontha, pakadali mnofu wambiri, likayamba kulira mopepuka, nsompho iime pomwepo, chifukwa kugunda kamodzi kowonjezera kukanaboola ntchito ya mwezi wathunthu. Kamwa la bwato ankalisiya lopanikiza, milomo yake itapindikira mkati kuti funde lisalowe msanga. N'chifukwa chake mpaka lero wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo, miyendo yokha ili mkati, nkhafi ili m'manja.

Tsiku lotsitsira bwato kunyanja linali chikondwerero cha mudzi wonse. Amayi ankafulula mowa, amuna n'kumanga zingwe za luzi, kuyala mitengo pansi, ndi kukoka mothandizidwa ndi nyimbo, nthawi zina ulendo wa masiku angapo. Mwini bwato ankatuluka pamenepo ali ndi ngongole kwa anthu ambiri, ndipo nsomba zoyamba sizinali zake yekha.

Kumata kunayamba pamodzi ndi kusema. Dzuwa la m'chigwa cha Salima silichitira chifundo mtengo, ndipo bwato losiyidwa pamchenga popanda chofunda limang'aluka kuyambira kumutu. Asodzi ankaliphimba ndi udzu kapena masamba a mgwalangwa, ena n'kusiyamo madzi pang'ono kuti lisaume kwambiri. Mng'alu ukaoneka ankautseka ndi luzi lopota, n'kumata phula la njuchi kapena utomoni pamwamba pake. Pakabooka pakulu ankasema chigamba cha mtengo n'kuchikhomera. Zonsezi zinkapezeka pamtunda woyenda ndi miyendo. Palibe ankadikira katundu wochokera kwina kuti abwerere panyanja.

Zaka za m'ma 1800 zinabweretsa chombo cha mtundu wina. Ayao anafika kugombe la Salima kuchokera kutsidya la kum'mawa, ena pothawa nkhondo, ena potsata malonda, ndipo mayina a mafumu monga Makanjira ndi Kuluunda akuchitira umboni za kusamuka kumeneku. Kumpoto, ku Nkhotakota, Mswahili Salim bin Abdallah anakhazikika cha m'ma 1840 n'kuyamba ufumu wa a Jumbe. Iwowa ndiwo anakhoma zombo za matabwa zoyendera matanga, zonga za kunyanja ya mchere, zoolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya. David Livingstone, yemwe anafika panyanjayi mu 1859 n'kudzayendanso m'mbali mwake ndi boti mu 1861, anaona malondawa ndi maso ake. Ndi mbiri yowawa, ndipo sitiyenera kuikometsa: luso lolumikiza matabwa kuti madzi asalowe linafika kuno litanyamula anthu omangidwa magoli. Malondawo anathetsedwa m'zaka za m'ma 1890, koma luso la matabwa, matanga ndi kutseka mipata ndi thonje linatsalira m'manja mwa amisiri a kugombe.

Nthawi yomweyo kunabwera sitima za chitsulo. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja mu 1875 itanyamula amishoni a Livingstonia. Amishoni a UMCA anakhazikika ku Likoma, ndipo bishopu wawo, Chauncy Maples, anamira mu 1895 boti lake litagubuduzika ndi namondwe. Anaikidwa ku Nkhotakota, ndipo sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901. Ku Likoma anyamata anaphunzira ukalipentala ndi kusamala injini, ndipo ena mwa ana ndi adzukulu awo ndi omwe anadzatchuka pa usodzi ndi kukhoma maboti m'madooko ambiri. Kuno kwathu, Domira Bay linali dooko lomwe sitima zinkaimapo m'nthawi ya atsamunda, pomwe ulimi wa thonje unkakula m'chigwa chonse. Njanji itafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, katundu wambiri anayamba kudzera kumeneko ndipo Domira Bay inazirala. Sitima ya Vipya inamira mu 1946, Ilala yomwe tikuidziwa lero inayamba ntchito mu 1951. Koma sitima zonsezi sizinasinthe chomwe msodzi wamba ankapalasa. Iye anakhalabe pa bwato lake.

Chomwe chinayamba kusintha ndi ukonde. Kale maukonde ankalukidwa ndi ulusi wa zomera monga chopwa ndi bwazi, wosachedwa kuola. Kenako anthu anatulukira kusolola ulusi m'matayala akale a galimoto, ndipo pofika m'ma 1950 kunabwera nayiloni. Amuna obwerera ku migodi ya ku South Africa ndi ku Rhodesia ankafika ndi ndalama zogulira maukonde akuluakulu. Asodzi a ku Likoma, ku Chizumulu ndi Atonga a ku Nkhata Bay anatsikira kummwera ndi chilimira, ukonde wokokera pakati pa nyanja, ndipo Mbenji, chilumba cha utaka wambiri, chinawakoka. Mafumu a banja la Msosa ndi Makanjira anaika malamulo omwe akutsatidwabe: chilumba chimatsekedwa nyengo ya mvula n'kudzatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo mowa, chamba, juga ndi amayi saloledwa kumeneko. Lamulo lotseka chilumbali linapatsa nsomba mpata woswana, komanso linapatsa amisiri nyengo yawoyawo, miyezi yomwe zombo zimakokedwera kumtunda kuti zikonzedwe.

Chilimira n'cholemera, ndipo chimafuna anthu ambiri. Mabwato okha sakanakwanitsa kuchitengera kutali, choncho boti la matabwa linakhala lofunika. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma linalimbikitsa maboti oterewa, ndipo ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kunali malo okhomera maboti ndi kuphunzitsira anthu za usodzi. Amisiri ophunzira kumeneko, pamodzi ndi ena ongoonera kwa anzawo, anafalikira m'madooko. Mmisiri wa boti amayamba ndi msana, mtengo wautali wolimba, n'kuimikapo nthiti, kenako n'kumakhomera matabwa limodzilimodzi, kuwapinda pang'onopang'ono kuti atsate thupi la boti. Mipata ya pakati pa matabwa amaitseka pokhomeramo thonje lopota, n'kupaka phula kapena penti. Kumbuyo amasiya thabwa lochindikala lopachikapo injini, ndipo dzina la Yamaha linalowa m'kamwa mwa ana a kugombe. Apa mpamene msodzi anayamba kudalira sitolo: misomali, penti, petulo, zonse n'zogula. Bwato silinathe ayi. Linapeza ntchito yatsopano yonyamula msodzi wotchedwa siginala ndi nyali zake usiku, kuitanira usipa ku ukonde.

Kenako mitengo inayamba kusowa. Atsamunda anali atayamba kale kulipiritsa munthu wofuna kudula mitengo ina ikuluikulu, koma chomwe chinamaliza nkhalango ndi minda yomwe inkakulirakulira, fodya wa m'maesiteti a m'ma 1970, uvuni za njerwa, ndipo pambuyo pake makala. Mbawa wokwanira bwato unasanduka chinthu chongosimba. Amisiri anatembenukira ku msangu, mkuyu ndi mango, mitengo yofewa yomwe siichedwa kumwa madzi, ndipo matabwa a mlombwa atakwera mtengo ambiri anayamba kukhomera maboti paini ndi bulugamu. Bwato lomwe kale linkasiyidwa kwa mwana ngati chuma cha banja tsopano limatopa patangopita zaka zochepa. Ukayang'ana mabwato ogona pamchenga lero uwerenga umphawi wa mitengo pa matupi awo: zigamba za malata ndi zitini zokhomedwa ndi timisomali tambirimbiri, nsanza zothinitsidwa m'ming'alu, ndi pulasitiki wa zigubu zakale yemwe mnyamata amamusungunula pamoto n'kumudonthezera pobooka, utsi wakuda ukumulowa m'maso. Ena amaona izi n'kunena kuti luso latha. Ine sindikuvomereza. Munthu wosunga bwato la mango pamadzi ndi chitini ndi chigubu ali ndi nzeru zofanana ndi za agogo ake. Chomwe chamuthera ndi mtengo wabwino.

Pamene izi zinkachitika, kutsidya kwa nyanja zamchere kunali kutabadwa chinthu china. Ku America, kampani ya Owens-Corning, yomwe inakhazikitsidwa mu 1938, inkapanga ulusi wopyapyala kuchokera ku galasi losungunula. Ulusi umenewu ukanyowetsedwa ndi resin n'kuuma umasanduka chikopa cholimba, chopepuka, chosachita dzimbiri ndiponso chosadyedwa ndi chiswe, chomwe timachitcha faiba. Ray Greene wa ku Toledo anapanga nawo boti mu 1942. Opanga galimoto nawo sanachedwe: Chevrolet Corvette yoyamba, ya mu 1953, inatuluka ndi thupi la faiba, ndipo chaka chimenecho anapanga 300 zokha. Ku England, Lotus Elite ya mu 1957 inapitirira pamenepo, poti faibayo ndi yomwe inanyamula pafupifupi thupi lonse la galimoto. Mpaka lero kuli anthu m'maiko amenewo omwe amagula galimoto zakalezi zitang'ambikang'ambika n'kumazikonza okha kunyumba kwa zaka, kupala penti yakale, kutsata ming'alu yonga ukonde wa kangaude, kumata ndi kusalaza mpaka thupi libwerere mwakale. Zomwe manja awo amachita m'garaja ndi zomwezo zimene mmisiri wa kugombe la Salima amachita pansi pa mtengo.

Faiba inalowa m'nyanja yathu kudzera kwa anthu osangalala, osati asodzi. Maboti aliwiro ndi a matanga a alendo ndi eni nyumba za ku Senga Bay ndiwo anali oyamba kuoneka, kenako a boma, a ofufuza za nsomba, a chitetezo ndi a mabungwe. Kumtunda inabwera ndi zivindikiro za kumbuyo kwa mapikiapu ndi ziwalo zina za galimoto, ndipo owongola galimoto m'magaraja a ku Lilongwe ndi ku Salima anaphunzira kuimata. Anyamata ogwira ntchito m'malo ogona alendo nawo anaonera, n'kutengera lusolo kumidzi kwawo. Pang'onopang'ono maboti a faiba, ena ogula akale, ena operekedwa ndi mabungwe, anafika m'manja mwa asodzi ndi onyamula anthu.

Boti la faiba likagunda mwala ku Mbenji kapena likakhuzika pansi chifukwa chokokedwa pamchenga tsiku ndi tsiku, mmisiri wodziwa sathamangira kusakaniza mankhwala. Amayamba walitembenuza n'kulisiya padzuwa masiku angapo, chifukwa resin sagwira ponyowa. Kenako amagogoda mozungulira bala ndi kandalama kachitsulo, kumvetsera monga ankachitira wosema bwato: pomwe palira mogontha, zikopa za faiba zalekana mkati ngakhale kunja kukuoneka bwino, ndipo ponsepo payenera kuchoka. Amapala ndi grinder ngati magetsi alipo, apo ayi ndi tupa ndi sandipepala wokhakhala, kutsetsereka m'mphepete mwa bowo kuti pakhale potakata. Akatswiri amati kutsetserekako kutalike pafupifupi ka 12 kuyerekeza ndi makulidwe a khoma, kuti chigamba chipeze pogwira pokwanira. Fumbi lake ndi loyera, loyabwa, lolowa pakhungu ndi m'mapapo. Akatha amapukuta ndi acetone, n'kuika katoni kapena lata lokutidwa ndi pepala la pulasitiki kuseri kwa bowo kuti likhale chotsamira.

Nsalu ya faiba amaing'amba zidutswa zosiyana kukula, ndipo ambiri amakonda kung'amba ndi manja m'malo modula ndi sizasi, kuti m'mphepete mukhale nyenyeswa zolowana bwino. Tsopano ndiye pofunika mutu. Hardener, mankhwala oumitsa resin, amafunika wochepa zedi, gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a resin. Akachepa, chigamba chimakhala chonata mpaka kalekale. Akachuluka, resin amatentha m'chitini, kufuka utsi, kuuma burashi isanamalize, ndipo chigamba chake chimakhala chophweka kusweka. Kutentha kwa ku Chitala mu Okutobala ndi Novembala kumafulumizitsa zonsezi, mwakuti mmisiri wanzeru amagwira ntchitoyi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamthunzi, akusakaniza pang'onopang'ono m'botolo lodula pakati. Amapaka resin, kuyala nsalu, n'kumajomphajompha ndi burashi mpaka kuyera kwa ulusi kuzimirire, nsalu ionekere mkati. Kadontho kalikonse koyera kotsala ndi mpweya, ndipo mpweya ndiwo khomo lomwe madzi adzalowere. Amasanjikiza choncho mpaka khoma lifanane ndi lakale, n'kudikira kuti liume, kusalaza, n'kumaliza ndi gelcoat kapena penti. Ntchito ikagwiridwa bwino, dzanja lodutsa pamenepo silidziwa pomwe panali bala.

Pali chizolowezi china chomwe ndimachiopa: kukuta bwato kapena boti la matabwa lotopa ndi faiba kuti lipitirizeko nyengo ina. Poyamba zimaoneka zabwino, ndipo wokapa madzi amapumako. Koma mtengo umafufuma ukanyowa n'kunyala ukauma, pamene faiba siitero. Posakhalitsa ziwirizi zimalekana, madzi n'kubisala pakati, thabwa n'kumaola mosaoneka, mpaka tsiku lomwe mwera udzaliyese kutali ndi gombe. Ngozi yomweyi ili m'maboti a faiba enieni, poti ambiri ali ndi thabwa lobisika kumbuyo kopachika injini. Madzi akalowa pa mabowo a mabawuti, thabwalo limafewa injini ikadali pomwepo. Kukuta kumathandiza pokhapokha mtengo uli wouma bwino, wosaola, ndipo wapalidwa mpaka penti ndi mafuta onse atachoka.

Vuto lalikulu la faiba lili pa zogula. Resin, hardener ndi nsalu zonse zimachokera kunja, ndipo msodzi wa ku Chikombe ayenera kuzitsata ku tauni, kawirikawiri mpaka ku Lilongwe. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu yense woitanitsa inakwera, ndipo kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti nthawi zina asapezeke n'komwe. Resin sasungika nthawi yaitali, makamaka kotentha. Amalimba yekha m'chigubu mwini wake asanamugwiritse ntchito. Choncho boti lomwe likanatha kuyenda zaka makumi limagona chafufumimba chifukwa cha bowo lokwana chikhatho. Likatayidwa siliola, silisanduka nkhuni kapena modyera nkhumba monga bwato lakale. Limangosweka tizidutswa tobaya ana kumapazi. Amisiri ambiri amagwira ntchitoyi popanda zotchinga kumphuno, kumaso kapena m'manja, chonsecho dontho limodzi la hardener m'diso lingachititse khungu. Aliyense wopereka boti la faiba kwa asodzi, kaya ndi boma kaya bungwe, anayenera kuperekanso maphunziro a kamatidwe kwa amisiri a padooko pomwepo ndi njira yogulira zipangizo mogwirizana, mwina kudzera m'makomiti a m'madooko omwe lamulo la usodzi la 1997 linatsegulira njira. Boti loperekedwa popanda zimenezi limatumikira mpaka tsiku lomwe lagunda mwala woyamba.

Lero mibadwo itatu ya zombo imagwira ntchito limodzi m'madzi a pakati pa Domira Bay ndi Mbenji. Gulu limodzi la chilimira limatha kutuluka ndi boti la matabwa kapena la faiba lonyamula ukonde ndi injini, mabwato a mango atasanjikidwa pamwamba pake, ndipo nyali za parafini zalowedwa m'malo ndi mababu oyaka ndi batire. Amisiri nawo sasankhanso chida chimodzi. Yemwe m'mawa amakhomera thonje pakati pa matabwa, masana angapezeke akudula lata la chigamba cha bwato, madzulo n'kuyeza madontho a hardener. Ntchito imawachulukira kwambiri mu Febuluwale ndi Malichi, Mbenji asanatsegulidwe, pamene eni maboti amagulitsa mbuzi kapena kukongola kwa ogula nsomba kuti apeze misomali, penti ndi malita angapo a resin, ndipo malipiro a mmisiri nthawi zambiri amadikira utaka woyamba wa mu Epulo.